A Cosmas ndi Mlangizi Wosatsekula Pakamwa

Amene munakhalako ku Linda, kuno ku Livingstone, zaka zapitazi, simungawaiwale a Cosmas Sakala, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango wa pamphambano yolowera ku Malota. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wovala ovolosi imene inasuluka mpaka kufanana ndi mchenga wa m'misewu yathu. Dzanja lawo linali labwino. Anyamata onyamula katundu kupita naye kumalire ankabwera ndi njinga zolira ngati ana a mbuzi, n'kuchoka nazo zili chete. Koma chimene anthu ankawadziwira kwambiri sichinali luso ayi. Chinali chikayiko.

A Cosmas sankakhulupirira chinthu asanachitembenuze. Ukawapatsa moni wansangala, ankayamba kuganiza chimene wabwera kudzabwereka. Ukawauza kuti chubu yaphulika yokha, ankakuyang'ana nthawi yaitali asanaigwire, ngati kuti iwe ndi chubuyo munapangana. Ena ankati anabadwa nacho, koma ife amene tinakula nawo m'tauni muno timati tauniyi ndiyo inawaphunzitsa. Anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzalowa ntchito pa fakitale ina. Tsiku lina mabwana anawasonkhanitsa onse n'kuwatsimikizira kuti ntchito ilipo mpaka adzakalambe, ndipo posakhalitsa anapeza chipata chili ndi unyolo. Kuyambira pamenepo mawu okoma ankawamva ngati mtambo wa mu Okutobala, umene umachita mdima, n'kugunda, koma osagwetsa ngakhale dontho.

Iwo ndi akazi awo, mai Anna, amene ankawaitana kuti Nambewe, sanapatsidwe mphatso ya mwana. Mwana wa m'nyumbamo anali Natasha, wa mlongo wawo wa a Cosmas amene anamwalira mtsikanayo akadali wa kumsana. Kwa Achewa ana a mlongo wako ndiwo mbumba yako, ndipo malume ndiye amayankha zonse zowagwera. A Cosmas udindo umenewu anaunyamula ngati dzira. Sankadziwa kunyengerera mwana, koma Natasha sanayendepo wopanda nsapato, ndipo njinga yake yopitira kusukulu ankaiona mabuleki m'mawa uliwonse iye asanadzuke.

Chaka chimene magetsi ankazima kuposa kuyaka, Natasha anapeza malo pa koleji ya ntchito zamanja, kukaphunzira zamagetsi ndi kuika masola pamadenga. M'banja lonse la a Sakala palibe amene anali atafikapo pamenepo. Pa kolejiyo panali dongosolo la ophunzira obwera kumene. Lachitatu lililonse masana ankakhala ndi mlangizi wa ophunzira, amene ankawaphunzitsa kugawa nthawi, kuwerenga mokonzekera mayeso, ndi koyenera kupita munthu akadwala kapena akavutitsidwa. Amene anali ndi chomulemera mumtima ankaloledwa kukagogoda yekha pachitseko cha mlangiziyo. Natasha anazifotokoza zonsezi kunyumba sabata yoyamba, koma a Cosmas anali kuganiza za tcheni ya munthu wina, ndipo anangoti eya.

Anadzatsekuka makutu pamene mtsikanayo anayamba kufika mochedwa ngakhale masiku ena osakhala Lachitatu. Madzulo ena analowa atazolika, n'kupereka moni wa pansipansi, n'kupitirira kuchipinda.

"Nambewe, mwanayu walira," anatero a Cosmas.

"Ndi fumbi, a Sakala."

"Fumbi mu Febuluwale? Mvula yonseyi?"

Mai Anna anapitiriza kusadzula nkhwani, koma amuna awo sanawachotse diso mpaka anagonja.

"Amapita kwa alangizi a pasukulu paja. Mayi wina wake, akuti ba Namasiku. Amacheza awiri."

"Awiri? Chitseko chotseka?"

"Nanga akachezere pamsewu?"

"Anawaika ndani alangizi amenewo? Ndinawatuma ine? Kapena munawatuma inu ine ndili kuntchito?"

Muyenera kumvetsa mmene mawu amenewa anawagwera a Cosmas. Kwawo mtsikana sapita kwa alangizi ngati kumsika. Amapita akatha msinkhu, amapita akamalowa m'banja, amapitanso akakhala ndi pathupi. Alangiziwo amasankhidwa ndi eni mwana, ndipo akamaliza amabwera kudzakhala pamphasa n'kuuza eni mbumba mmene zayendera. A Cosmas anawerengera m'mutu mwawo. Msinkhu anatha kalekale. Ukwati palibe wabwera kudzafunsira. Chotsala chinali chimodzi.

"Ine ndamuyang'ana monga mkazi mnzake," anatero mai Anna. "Palibe chimene mukuganizacho."

"Akazi mumabisirana."

"Ndiye mufunseni nokha."

Apo mai Anna ankadziwa kuti awatsekera njira, chifukwa malume safunsa mwana wamkazi nkhani ya mtundu umenewo. Atawapempha kuti apite okha kukaonana ndi mlangiziyo, mai Anna anakana kwamtuwagalu, nati iwo sangakachite manyazi pamaso pa anthu ophunzira.

Tsidya lina la mtengo wa mango uja ankakhala ba Mweetwa, Mtonga wosoka nsapato, amene anakhala moyandikana ndi a Cosmas zaka zambiri popanda tsiku logwirizana pa nkhani iliyonse. Atamva dzina la mlangiziyo anaseka mpaka kuika singano pansi. Paja Atonga ndi Alozi ndi pachibale cha nthabwala, amanyozana popanda wokwiya.

"Namasiku? Mlozi uyo! Aa, ba Cosmas, mwaluza kudala, musanayambe. Mlozi angakudyereni nkhuku na mutu wake, akuuzeni chabe ati zikomo."

"Ndikapita mwamwambo, ayankha mwamwambo."

"Manje mwambo wanu wa ku Katete unafika liti ku Mongu, kwa Alozi?"

A Cosmas anabwerera ku njinga imene ankakonza. M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi, anagwira thadzi la mawanga limene mai Anna ankalisungira Pasaka, analimanga miyendo ndi luzi, n'kuliika m'dengu pakaliyala. Munthu sapita kwa alangizi chimanjamanja. Umayamba watsekula pakamwa pawo, kenako n'kufunsa.

Pachipata cha koleji mlonda anayang'ana nkhukuyo, n'kuyang'ana jekete, n'kuwalozera njira osafunsa zambiri. Ophunzira ovala maovolosi a buluu ankagwirana mapewa pobisa kuseka. A Cosmas ankayembekeza kupeza mayi wachikulire wa duku ndi chitenje. Amene anawatsekulira chitseko anali mkazi woti akanatha kukhala mkulu wake wa Natasha, wa magalasi, wopanda mphete pachala. Anapinda mawondo pang'ono n'kuwomba m'manja monga amachitira Alozi, koma zimenezo sizinawafewetse. Chipindacho nachonso sichinawasangalatse. Munali mipando iwiri yofanana msinkhu, yoyang'anizana, popanda tebulo pakati, ndipo pawindo panali katani yotchinga. Ofesi yanji yopanda tebulo?

Anaika nkhuku pamapazi a mayiyo n'kukhala.

"Ine ndine Sakala, malume ake a Natasha. Mwini mbumba ndine. Ndamva kuti mwana wanga mukumulangiza. Sindinakutumeni, koma poti mwayamba kale, ndabwera kudzatsekula pakamwa panu kuti mundiuze chimene mwapeza."

Ba Namasiku sanaseke. Anayang'ana nkhukuyo mwaulemu.

"Ba malume, chamene mwachita nachimvera. Amai anga nawo ni alangizi ku tchalitchi, niziba ulemu wamene uli mu nkhuku iyi. Koma kuno sitiyenda choncho. Zamene mwana wakamba muno ni zake. Nikaona kuti moyo wake uli pa ngozi, nizakamba, ndipo aliyense nimamuuza zimenezo asanayambe. Zina zonse, ayi."

"Pathupi mumati ndi ngozi kapena si ngozi?"

"Sinizayankha eya, sinizayankha ayi. Ngakhale munifunse ngati anabwera na nsapato zofiira, yankho ni imodzimodzi."

"Ndiye kuti chilipo."

"Sininakambe choncho."

"Munthu wopanda chobisa amayankha."

A Cosmas anazungulira mbali zonse monga munthu wofunafuna pobowoka pa chubu. Anafunsa ngati pali mphunzitsi wamwamuna amene amamuyang'ana mwanayo. Anafunsa ngati mayiyo ali pabanja, ndi kuti angalangize bwanji za moyo munthu amene sanakwatiwe. Anafunsa tchalitchi chimene amapemphera. Ba Namasiku ankayankha zokhudza iwo eni mosabisa, koma zikafika kwa Natasha pakamwa pankatsekeka. Potsiriza mayiyo anawerama pang'ono n'kufunsa ndi mawu otsika chimene a Cosmas ankachiopa kwenikweni.

"Ba malume, mwachoka ku Linda na njinga, mwasiya nchito. Chamene chikuyofyani maningi ni chani?"

Atafunsa anakhala chete. Sanawonjezere mawu, sanayang'ane foni, anangodikira. A Cosmas anazolowera anthu olimbana nawo pakamwa, monga ba Mweetwa ndi anyamata a njinga. Chete wa mtundu umenewu sanakumanepo naye. Nkhuku inagwedeza mapiko n'kukhazikikanso. Kunja wina ankamenya chitsulo ndi hamala.

"Mwana uja akapunthwa pano, palibe kachiwiri," anayamba a Cosmas, pofuna kungodzaza mpatawo. "Ine nthawi ndilibe."

Mayiyo anagwedeza mutu.

Mmene zinachitikira a Cosmas sanathe kuzifotokoza ngakhale kwa iwo eni. Anangozindikira akulankhula. Ananena kuti maso awo ayamba nkhungu. Kuti chiyambire dzinja lapitalo saonanso masipoko bwinobwino, ndipo gudumu amaliwongola ndi chala chachikulu ndi khutu. Kuti nkhope za anthu amazidziwira mawu. Kuti sanauze munthu, ngakhale Nambewe, chifukwa Natasha akangomva aponya mabuku pansi n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mango kuwagwirira sipanala. Amamudziwa mwana wa mlongo wawo, mtima wake ndi wotero.

"Nkhungu yamene mukamba ingakhale ng'ala," anatero ba Namasiku pang'onopang'ono. "Ku chipatala cha maso amaiona, ndipo nthawi zambiri imachoka. Ba auntie mukanawauza, akanakuperekezani."

Mawu oti "mukanawauza" ndiwo anawadzutsa. Anaimirira ngati alumidwa ndi nyerere. Anabwera kudzatsekula pakamwa pa munthu, ndipo pakamwa pamene panatsekuka panali pawo.

"Nkhuku yanu, ba malume."

"Nkhuku yoperekedwa sibwerera," anatero ali kale pakhomo.

Njira yonse yobwerera ankapalasa mokwiya. Mkazi ameneyu si wamba. Kaya ndi mpando uja, kaya ndi katani ija, chilipo chimene anaikamo. Ngati anatha kukoka mawu m'mimba mwa Sakala, munthu amene sanauzepo ngakhale wansembe zakukhosi, nanga mwana angatsale ndi chiyani? Ndipo tsopano mayiyo anali atanyamula chinsinsi chawo, ndipo Lachitatu likudzalo adzakhala ndi Natasha m'chipinda chomwecho, chitseko chotseka.

Ba Mweetwa ataona dengu lopanda kanthu anawomba m'manja.

"Yapita! Nanga nkhani mwabwera nayo?"

"Sokani nsapato zanu."

Madzulo a tsikulo a Cosmas anaitana Natasha. Anabwera n'kugwada pafupi ndi khomo.

"Kuyambira mawa uyambe wakhala. Sukulu yokhala ndi zipinda zimene mwini mbumba sangamve za m'katimo, ine sindikuimvetsa. Mayi uja akadzabwera kudzandiuza monga mwa mwambo, udzabwerera."

"Amalume, ndalakwa chiyani?"

"Sindinati walakwa."

"Ife obwera kumene tikajomba kangapo ku wekishopu amatichotsa. Pali ena amene akudikira malo. Akandichotsa ndiye basi."

"Ndiye mayi wakoyo afulumire kulankhula."

Natasha anadzuka pamene anagwadapo. Mwana woleredwa bwino sabweza mawu kwa malume ake. Mai Anna ndiwo analankhula mtsikanayo atatuluka, nati a Sakala akugwetsa nyumba pofuna kupha khoswe. A Cosmas anatembenukira kukhoma. Sakanatha kuwauza kuti zifukwa zinali ziwiri, ndipo chachiwiricho chinali kumutalikitsa Natasha kwa munthu yekhayo amene ankadziwa za maso awo.

Chodabwitsa n'chakuti chimene ankachiopa anachibweretsa okha. Natasha sanafune kukhala m'nyumba, ndipo m'mawa mwake anawatsatira kumtengo wa mango n'kukhala pa chitini chogadabuza kuwagwirira zitsulo. Masiku amenewo anali owawa kwa a Cosmas kuposa masiku a fakitale yotsekedwa. Chilichonse chimene mwanayo ankachita ankachitembenuza. Akawapatsa nati, ankawaika m'chikhatho mwawo m'malo mongowalozera. Kodi wauzidwa? Foni yake ikalira, iwo ankatchera khutu. Akauza mwini njinga kuti abwere mawa chifukwa kwayamba mdima, iwo ankamva ngati akunena za mdima wa m'maso mwawo. Ankamuyang'ana nkhope kuti aone ngati ikusonyeza chisoni, koma nkhope ndiyo imene sankathanso kuiona bwino. Kumwera utsi wa mathithi unali utakwera chifukwa cha madzi ambiri, anthu ankaulozera, ndipo a Cosmas ankavomereza ndi mutu ngati akuuona.

Anzake a Natasha anatumiza uthenga kuti aphunzitsi a ku wekishopu afunsa za iye kachiwiri, ndipo akajombanso phunziro lotsatira dzina lake lipita kwa akuluakulu. Iye anauwerenga mokweza, osayang'ana munthu. A Cosmas anapitiriza kupopa tayala.

Tsiku la phunzirolo, dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, mai Anna anali atangofika ndi mbatata zophika ndi botolo la maheu pamene ba Mweetwa anatsokomola mwadala.

"Ba Cosmas, apongozi anu a ku Mongu awo."

Anali ba Namasiku, akukankha njinga ya akazi yakuphwa tayala lakumbuyo. Anapereka moni kwa onse mmodzimmodzi, n'kumupatsa Natasha moni wofanana ndi wa ena, osaonjeza.

"Yaniphwera pa njira, ba malume. Ananiuza ati kuno ndiye kuli dokotala."

A Cosmas anatulutsa chubu n'kuiyendetsa pakati pa zala. Minga ya kuno imang'amba mokhota, msomali umasiya bala lalikulu. Apa panali kabowo kosalala, koongoka, m'mbali mwa tayala mmene minga sifika. Imeneyi inali ntchito ya phini. Mayiyu waboola yekha njinga yake kuti apeze chifukwa chofikira pano. Wabwera kudzawathyola. Akangonena mawu awiri pamaso pa Nambewe ndi Natasha, nkhani yonse itembenuka, ndipo wofunsidwa akhala iwo.

"Imwe a Mlozi," anayamba ba Mweetwa, "nkhuku ya mnzanga munadya na chani? Na mpunga?"

"Ikali moyo. Ikudya chimanga cha Atonga, ndiye chifukwa yanenepa."

"Manje tiuzeni. Uyu mudala anachoka kwanu monga nkhuku yonyowa. Munamuchita chani mu ofesi muja? Anakamba chani?"

Mai Anna anasiya kusenda mbatata. Natasha anadzutsa mutu. Kachitsulo ka valavu kamene a Cosmas anali atagwira kanapulumuka n'kugwera mumchenga. Anayang'ana pansi. Mchenga wonse unali nkhungu imodzi yotuwa. Ankadziwa kuti kali pafupi, mwina pambali pa phazi lawo lenileni, poti aliyense wa maso akukaona. Akayamba kupapasa, zonse zidziwika.

"Ba Mweetwa," anatero ba Namasiku, "zamene zakambidwa mu chipinda changa sinigulitsa, olo munipatse ng'ombe zonse za Atonga ku Monze. Koma nsapato iyi ndiye munionereko, lamba wake wayamba kuchoka."

Anawerama ngati akumasula lambayo. Podzuka, dzanja lawo linadutsa pa chivundikiro cha bokosi la zitsulo, ndipo a Cosmas anamva kachitsulo kakulira pamenepo, kuti ke. Anatambasula dzanja n'kukapeza. Maso a ena onse anali pa nsapato imene ba Mweetwa ankaitembenuza uku akunyoza osoka a ku Mongu.

A Cosmas anafumbata kachitsuloko n'kutembenukira kwa Natasha.

"Natasha, madzi a m'beseni ada. Katunge ena pa mpope. Nambewe, mbatatazi zilibe mchere, kapempheni kwa amai a pa kantini."

Atachoka awiriwo, anasendeza chitini pafupi ndi mayiyo n'kulankhula motsitsa, kuti ba Mweetwa asamve.

"Njinga iyi mwaboola nokha."

"Eya."

Sankayembekeza kuti avomera, ndipo zinawasokoneza.

"Mwabwera kudzaulula zanga."

"Nabwera kukupemphani kuti mwana abwerere. Lelo akajomba, sinizakwanisa kumuthandiza. Zanu ni zanu."

"Ndiye tigwirizane. Ndiuzeni mawu amodzi okha. Eya kapena ayi. Mukanena, apita lero lomwe."

"Ba malume, nikakuyankhani lelo, ndiye kuti pakamwa panga pali na mtengo wake. Mawa wina akabwera kunifunsa ati, ba malume anga ali bwino? nizamuyankha chani? Pakamwa ni pamodzi. Sipangatsekuke kwa imwe, patsekeke kwa iye."

"Wakufunsani kale?"

Mayiyo anangowayang'ana.

"Ndati, wakufunsani za ine?"

"Mwayambanso kuzungulira."

A Cosmas anapukusa mutu. Ganizo lina linawalowa, loti mwina chimene mwanayo ankalirira m'chipinda muja sichinali mwamuna kapena pathupi, koma munthu wokalamba wowongola gudumu ndi khutu. Kapena mayeso ankamuvuta. Kapena anzake ankamuseka poti ndi mtsikana pakati pa anyamata a zamagetsi. Kapena chinalidi chimene ankachiopa poyamba. Zonse zinali zotheka, ndipo mayi amene anali patsogolo pawo sakanawachotsera ngakhale chimodzi. Anazindikira kuti akadikira kuti adziwe, adikira mpaka malo a mwanayo atapatsidwa kwa wina. Chimene anali nacho m'manja chinali chimodzi chokha: mayiyu anali ndi mpata wowagonjetsa pamaso pa banja lawo, ndipo sanautenge.

Natasha anafika ndi beseni pamutu n'kulitula. A Cosmas anamiza chubu m'madzimo ngakhale ankadziwa kale pobowoka.

"Iwe, phunziro lako lija likuyamba nthawi yanji?"

"Tikatha kudya masana, amalume."

"Ndiye ukuchita chiyani pano? Pano ndi pa koleji? Ndinakuuza kuti ndikufuna wondigwirira sipanala ine?"

Natasha anayang'ana mai Anna, amene anali atangobwera ndi mchere m'kapepala. Mai Anna anamukodola ndi chibwano kuti nyamuka.

"Ovolosi yanga ili kunyumba."

"Tenga njinga yangayo, yako ndaimasula tcheni. Udutsire kunyumba. Ndipo usathamange pa mchenga wa pakona paja."

Mtsikanayo anagwada mofulumira, bondo limodzi lokha, n'kudumphira pa njinga. Chishalo chinali chotsika kwa iye, koma sanaime kuti akweze. A Cosmas anamvetsera kulira kwa matayala mpaka kunazimirira cha ku msewu waukulu.

"Manje mwaziba chani?" anafunsa ba Mweetwa.

"Palibe."

"Nkhuku yapita, nkhani palibe, mwana mwamumasula. Nikanakhala ine..."

"Mukanakhala inu mukanasoka nsapato ya mlendoyo, wakhala akudikira."

A Cosmas anamata chigamba pa chubu, n'kupopa tayala, n'kupereka njinga kwa mwini wake. Ba Namasiku atawomba m'manja kutsanzika, a Cosmas anawaitananso.

"Sindinati ndakukhulupirirani."

"Namvera, ba malume."

"Ndipo mukadzafuna kundiona, mudzangobwera. Chubu si chinthu choseweretsa."

Natasha anafika phunziro litangoyamba, ndipo dzina lake silinapite kwa akuluakulu. Anapitiriza kugogoda pachitseko chija mpaka chigawo choyamba cha maphunziro chinatha, kenako anasiya yekha. A Cosmas masiku amenewo ankamuyang'anabe pamimba mozemba, mwezi ndi mwezi, mpaka nyengo yozizira inadutsa popanda chooneka. Za maso anadzawauza mai Anna ndi pakamwa pawo, mvula yotsatira isanagwe, ndipo mai Anna anawakalipira tsiku lonse asanawaperekeze kuchipatala. Diso limodzi linayera, linalo linakana.

Lero Natasha amakwera pamadenga a ku Dambwa North ndi ku Malota kuika masola, ndipo anyamata awiri amamunyamulira makwerero. A Cosmas tinawaika m'manda chaka chathachi. Chimene mwana wa mlongo wawo ankanena m'chipinda chija anapita osachidziwa, ndipo ife amene tatsala sitikuchidziwanso, chifukwa mwini wake sanatiuze.